Mkombero wa Miyala: Mmene Thanthwe Limasandukira Mchenga, Mchenga Nkukhalanso Thanthwe

Pamwamba penipeni pa phiri la Everest, mamita 8,849 kuchokera pamlingo wa nyanja, pali mwala wa laimu wokhala ndi zotsalira za zamoyo za m'nyanja za zaka zoposa 450 miliyoni zapitazo. Thanthwe la Sapitwa pa phiri la Mulanje, limene lero lili pamtunda wa mamita 3,002, linaumira mkati mwa nthaka litakwiririka ndi miyala ina yomwe tsopano kulibe. Matope a pansi pa nyanja anakwera bwanji mpaka kumitambo, nanga miyala imene inakwirira Mulanje inapita kuti? Mafunso awiriwa yankho lake ndi limodzi. Akatswiri amalitcha mkombero wa miyala, ndiko kuti njira zimene mwala wa mtundu wina umasandukira wa mtundu wina, mobwerezabwereza, pa zaka mamiliyoni ambirimbiri.

## Mwala ndi chiyani, ndipo mitundu yake ndi iti?

Mwala ndi msanganizo wa maminero. Mutatenga chibenthu cha granite nkuchiyang'anitsitsa, mudzaona njere zamitundu itatu. Zoyera kapena zofiirira ndi feldspar. Zotuwa, zoonekera mkati pang'ono, ndi quartz, yemwe tonse timamudziwa mu nsangalabwi zoyera za mumtsinje. Timapepala takuda tonyezimira ndi mica. Maminero odziwika ndi oposa 5,000, koma amene amapanga miyala yambiri ndi ochepa chabe, ndipo feldspar yekha ndi theka kapena kupitirirapo la chikhungwa cha dziko, chomwe ndi gawo lolimba lakunja limene tikukhalapoli.

Miyala imagawidwa potengera mmene inapangikira. Gulu loyamba ndi la miyala yochokera ku chiphalaphala, imene mabuku amaitcha igneous: mwala unasungunuka, kenako unazizira nkuuma. Lachiwiri ndi la miyala yosanjikizana, yotchedwa sedimentary: mchenga, matope, zigoba kapena zomera zinaunjikana m'magawomagawo nkulimba. Lachitatu ndi la miyala yosandulika, yotchedwa metamorphic: mwala umene unalipo kale unatenthedwa ndi kupanikizidwa mpaka maminero ake anasintha, koma osasungunuka.

Kagawidwe kameneka sikayang'ana kwenikweni zimene zili m'kati mwa mwalawo. Granite, mwala wa mchenga wochokera kwa granite yemweyo, ndi mwala wosandulika wotchedwa gneiss, zonse zitatu zikhoza kukhala ndi quartz ndi feldspar. Chimene chimazisiyanitsa ndi chomwe chinazichitikira komaliza. Miyala yosanjikizana imakuta pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mtunda wonse wa dziko lapansi, komabe ndi yopyapyala: siifika ngakhale gawo limodzi mwa 10 la chikhungwa chonse. Pansi pake pali mitundu iwiri inayo.

## Mkangano wa madzi ndi moto

Mu 1669 Nicolas Steno, wa ku Denmark amene ankagwira ntchito ku Italy, analemba mfundo imene sayansi yonseyi inamangidwapo. Miyala ikasanjikizana, gawo lapansi ndilo linayamba kukhalapo, ndipo magawo onse anayalidwa chogona. Choncho akapezeka atapendekera kapena ataimirira, ndiye kuti china chake chinawasuntha pambuyo pake.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, mphunzitsi womveka kwambiri pa nkhani ya miyala anali Abraham Gottlob Werner wa pasukulu ya zamigodi ku Freiberg, ku Germany. Iye ankaphunzitsa kuti poyamba dziko lonse linali lomira m'nyanja imodzi, ndipo miyala pafupifupi yonse inadikha kuchokera m'madzi a nyanjayo, granite poyamba, kenako inayo motsatizana pamene madzi ankaphwera. Ngakhale basalt, mwala umene lero tikudziwa kuti umachokera ku chiphalaphala, ankati ndi wa m'madzi. Mapiri ophulika ankawatenga ngati kanthu kakang'ono kochitika malasha akayaka pansi pa nthaka. Ophunzira ake anafalitsa chiphunzitsochi ku Ulaya konse.

Chinayamba kugwedezeka pa basalt. Kuyambira 1763 Nicolas Desmarest analondola basalt wa m'dera la Auvergne ku France mpaka kukafika pakamwa pa mapiri amene anaphulika kalekale. Ena mwa ophunzira a Werner, monga Leopold von Buch, atapita kukaona okha deralo anayamba kusiya zimene anaphunzitsidwa.

Amene anaona mkombero wonse anali James Hutton wa ku Scotland, munthu wophunzira zachipatala yemwe anasanduka mlimi. Iye ankaona mvula ikukokolola dothi la m'munda kupita nalo kunyanja, ndipo anadzifunsa chifukwa chake mtunda sunathe ngati zimenezi zakhala zikuchitika kuyambira kalekale. Yankho lake, limene analipereka ku bungwe la Royal Society of Edinburgh mu 1785, linali lakuti zokokolokazo zimalimba pansi pa nyanja, ndipo kutentha kwa m'kati mwa dziko kumazikwezanso kukhala mtunda watsopano. Chaka chomwecho anapeza ku Glen Tilt mitsitsi ya granite italowerera m'ming'alu ya miyala ina, zomwe zingachitike pokhapokha granite atalowamo ali wosungunuka. Mu 1788, pagombe la Siccar Point, anaonetsa anzake John Playfair ndi James Hall magawo a miyala oimirira, odulidwa pamwamba, ndipo pamwamba pake patagona magawo ena a mwala wofiira wa mchenga. Kuti malowo aoneke choncho, miyala yapansiyo inayenera kudikha m'nyanja, kulimba, kupindidwa, kukwezedwa, kuperesedwa ndi madzi, nkukwiriridwanso. Lero tikudziwa kuti yapansiyo ili ndi zaka pafupifupi 435 miliyoni ndipo yapamwambayo pafupifupi 370 miliyoni. Hall anapitiriza ndi kuyesa m'ng'anjo. Anasungunula basalt nkumuziziritsa pang'onopang'ono, ndipo anabwerera kukhala mwala wa njere. Anatenthanso laimu wa ufa m'mipope ya mfuti yotsekedwa, ndipo anatuluka wofanana ndi marble.

Mabuku ambiri amaifotokoza nkhaniyi ngati kuti Hutton analondola pa chilichonse, koma kumeneko nkumukondera. Iye ankakhulupirira kuti mchenga ndi matope zimalimba chifukwa cha kutentha, pamene kwenikweni zimamatidwa ndi maminero obwera ndi madzi. Pa mchere wa miyala ndi mitundu ina ya laimu, Werner ndiye ankanena zoona. Chimene Hutton anapereka ndi nthawi yaitali yosaneneka, ndi ganizo lakuti kuwonongeka ndi kumangika kwa mtunda zimayendera limodzi. Charles Lyell anafalitsa maganizowa m'buku lake la Principles of Geology la 1830 mpaka 1833, ndipo ndiye anapatsa gulu lachitatu lija dzina lake.

## Miyala yochokera ku chiphalaphala

Ambiri amaganiza kuti pansi pa nthaka pali nyanja ya moto imene mapiri ophulika amatungamo. Sizili choncho. Chikhungwa cha dziko chimakandapala makilomita 30 mpaka 50 kumtunda ndi pafupifupi 7 pansi pa nyanja zikuluzikulu. Pansi pake pali gawo lotchedwa mantle, lofika makilomita 2,900 kuya kwake, ndipo pafupifupi lonselo ndi mwala wolimba. Tikudziwa zimenezi chifukwa mafunde ena a chivomezi amene sangadutse m'zinthu zamadzimadzi amadutsamo. Gawoli ndi lotentha kwambiri, koma kulemera kwa zimene zili pamwamba kumalipanikiza moti silisungunuka.

Choncho chiphalaphala chimapangika m'malo osankhika, ndipo njira zake ndi zitatu. Mwala wotentha wa mu mantle ukamakwera pang'onopang'ono, kupanikizika kumachepa ndipo gawo lina la mwalawo limasungunuka popanda kuwonjezera kutentha. Izi zimachitika m'mizere yaitali ya mapiri a pansi pa nyanja ndiponso kumene mtunda ukung'ambika, ndipo chotulukapo ndi basalt. Njira yachiwiri ndi madzi. Pansi pa nyanja pakamamira kulowa mu mantle, maminero onyowa amataya madzi ake pa kuya kwa makilomita pafupifupi 100, ndipo madziwo amatsitsa mlingo umene mwala umasungunukira. Mapiri ophulika a ku Andes, Japan ndi Indonesia amachokera pamenepa. Njira yachitatu ndi yakuti chiphalaphala cha basalt, chotentha madigiri 1,100 mpaka 1,200, chikaima pansi pa chikhungwa cha mtunda chimasungunula miyala yoyandikana nayo, yomwe ikakhala ndi madzi imayamba kusungunuka pa madigiri 650 mpaka 700. Granite wambiri amabadwa motero.

Mfundo yofunika apa ndi yakuti mwala susungunuka wonse nthawi imodzi. Maminero okhala ndi silica wambiri ndiwo amayamba, ndipo chiphalaphala chikamazizira maminero a chitsulo ndi magnesium ndiwo amayamba kuuma nkusiya zotsalazo zili ndi silica wochuluka. Norman Bowen anafotokoza ndondomeko imeneyi m'zaka za m'ma 1920 atayesa mulabotale ku Washington. Nchifukwa chake chiphalaphala sichifanana ndi mwala umene chachokerako. Basalt amakhala ndi silica pafupifupi theka la kulemera kwake, granite pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse. Kusiyanaku kumaoneka phiri likaphulika. Chiphalaphala cha silica wochepa chimayenderera, monga cha Nyiragongo chimene chinadutsa mumzinda wa Goma mu 2002. Cha silica wambiri ndi cholimba, chimatsekera mpweya m'kati mpaka kuphulika mwamphamvu, monga Pinatubo ku Philippines mu 1991.

Kukula kwa njere kumanena kumene mwalawo unazizirira. Pansi pa nthaka kuzizira kumatenga zaka zikwizikwi ndipo njere zimakula mpaka kuoneka ndi maso, monga mu granite, gabbro ndi syenite. Pamtunda kuzizira nkwachangu ndipo njere zimakhala zosaoneka, monga mu basalt ndi rhyolite. Lamuloli lili ndi pothera pake. Njere zikuluzikulu za mu pegmatite, mwala umene anthu a ku Mzimba amakumbamo aquamarine, zinakula choncho makamaka chifukwa chiphalaphala chotsalira chinali ndi madzi ambiri.

Mapiri a Mulanje ndi Zomba ndi a syenite ndi granite amene analowerera m'miyala yakale zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, Mulanje pafupifupi 130 miliyoni. Sanali mapiri pamene ankauma. Anatsala ali chiimire chifukwa miyala yowazungulira inaperesedwa msanga kuposa iwo. Mathithi a Victoria amagwera pa basalt wa zaka pafupifupi 180 miliyoni.

Kummwera kwa Malawi, komwe kuli Mulanje ndi Zomba, kulinso mwala umene unavutitsa akatswiri. Carbonatite ali ndi maminero ofanana ndi a laimu, amene aliyense ankati amapangika m'madzi, komatu amapezeka ngati kuti anatuluka pansi ali wosungunuka. Mu 1937 Frank Dixey ndi anzake anafotokoza za miyala yotereyi ya ku chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa ndi madera ozungulira. Okayika anakhalapobe mpaka 1960, pamene phiri la Ol Doinyo Lengai ku Tanzania linaonedwa likutulutsa chiphalaphala cha mtundu umenewu, chotentha madigiri 500 mpaka 600 okha. Kangankunde ku Balaka ndi Songwe ku Phalombe, kumene kuli miyala ya rare earth, ndi carbonatite.

## Kufumbutuka, kukokoloka ndi kusanjikizana

Mwala umene unapangika pansi potentha ukafika pamtunda umakumana ndi madzi, mpweya ndi mizu. Umang'ambika chifukwa cholemera chimene chinkaupanikiza chachoka, ndipo mizu imakulitsa ming'aluyo. Koma m'mayiko otentha ndi a mvula, ntchito yaikulu imagwiridwa ndi madzi. Mvula imatenga mpweya wa carbon dioxide mumlengalenga ndi m'dothi nkukhala ndi asidi wofooka. Asidiyo amasandutsa feldspar kukhala dongo. Maminero a chitsulo amachita dzimbiri, ndipo dzimbirilo ndilo limafiiritsa katondo. Quartz sasintha kwenikweni, amangomasuka nkukhala mchenga. Calcium, sodium ndi potassium zimasungunuka nkupita ndi madzi.

Motero thanthwe limodzi limagawika patatu: mchenga, dongo ndi zosungunuka. Kufumbutuka kukapitirira kwa nthawi yaitali pamalo a mvula yambiri, ngakhale silica amachoka ndipo pamatsala aluminium, monga bauxite wa ku Lichenya pa phiri la Mulanje. Rutile wa ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, anaunjikana mofananamo: maminero ofooka a gneiss anatha, olimbawo nkutsala m'dothi lofewa.

Madzi akanyamula zidutswazi amazisankha. Nsangalabwi zimatsala kumene madzi akuthamanga, mchenga umapitirira, matope amakadikha kumene madzi aima. Magawo atsopano akamaunjikana pamwamba, apansi amafinyika nkutaya madzi, ndipo silica, calcite kapena chitsulo chochokera m'madzi a pansi chimamata njerezo. Nsangalabwi zimakhala conglomerate, mchenga umakhala sandstone, matope amakhala shale, yemwe ndiye wochuluka kwambiri mwa miyala yosanjikizana. Calcium wosungunuka uja akafika kunyanja, nkhono ndi zamoyo zina zimapangira zigoba, ndipo zigobazo zikaunjikana zimakhala mwala wa laimu. Njira imeneyi imachotsa carbon dioxide mumpweya nkumutsekera m'mwala, ndipo mapiri ophulika amamubwezera. Pa zaka mamiliyoni ambiri, kupereka ndi kulandira kumeneku ndi chimodzi mwa zimene zimaongolera kutentha kwa dziko.

Pafupifupi zotsalira zonse za zamoyo zakale zimapezeka m'gulu limeneli, chifukwa kusungunuka ndi kusandulika kumazifafaniza. Kummwera kwa Africa, magawo otchedwa Karoo anaunjikana pakati pa zaka 300 miliyoni ndi 180 miliyoni zapitazo. Malasha a ku Mchenga m'boma la Rumphi ndi a ku Moatize ku Tete ndi zomera za m'madambo a nthawi imeneyo zimene zinakwiririka zisanawole. Uranium wa ku Kayelekera ku Karonga alinso mu sandstone wa Karoo: madzi a pansi anamunyamula ali wosungunuka nkumutula pamene anakumana ndi zotsalira za zomera. Ku Karonga komweko, magawo a pambuyo pake ndiwo anasunga mafupa a chilombo chakale chotchedwa Malawisaurus, ndipo magawo aposachedwapa a Chiwondo anasunga chibwano cha munthu wakale cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, chimene chinapezeka ku Uraha mu 1991.

Ntchitoyi ikuchitikabe. Pansi pa nyanja ya Malawi, yomwe imafika mamita pafupifupi 700 kuya kwake, pali matope ndi mchenga zimene m'malo ena zakandapala makilomita oposa 4.

## Kusandulika popanda kusungunuka

Woumba njerwa amadziwa kuti dongo likapsa mu uvuni silisungunuka, koma limatuluka lili chinthu china chimene madzi sangachibweze kukhala matope. Miyala imasandulika mofanana ndi zimenezi, kungoti pansi pa nthaka pamawonjezeka kupanikizika ndi nthawi. Kutentha kumakwera ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse imene munthu angatsike. Kuyambira pa madigiri pafupifupi 200, maminero amene anali okhazikika pamtunda amayamba kusintha, ndipo tizigawo take timasanjikanso mwatsopano mwalawo uli chilimbire.

Shale ndiye amaonetsa bwino masitepe ake. Akakwiririka ndi kufinyidwa amayamba wakhala slate, wosweka m'mapalemapale. Kutentha kukakwera, mica amakula nkuyamba kunyezimira, ndipo mwalawo umatchedwa schist. Kupitirira apo maminero oyera ndi akuda amapatukana m'mizeremizere, ndiye gneiss. Mizereyo imagona mopingasa ndi kumene mphamvu yofinya inkachokera, kotero imauza katswiri mbali imene mtunda unakankhidwira. George Barrow anaonetsa mu 1893 kuti m'mapiri a ku Scotland maminero monga garnet, kyanite ndi sillimanite amaonekera motsatizana pamene munthu akuyandikira kumene kunatentha kwambiri. Laimu amasanduka marble, sandstone amasanduka quartzite. Pamene chiphalaphala chalowerera m'miyala yozizira, miyala yoyandikana nacho imapsa popanda kufinyidwa, ndipo siikhala ndi mizere.

Gawo lalikulu la Malawi lakhala pa gneiss ndi miyala ina yosandulika. Kummwera ndi pakati, yambiri inapsa komaliza zaka 600 miliyoni mpaka 500 miliyoni zapitazo, pamene zigawo za mtunda zinkagundana kupanga mtunda waukulu wakale wotchedwa Gondwana. Kumpoto kuli ina yakale kwambiri, ya zaka pafupifupi 2 biliyoni. Gneiss wotere amapangika pa kuya kwa makilomita 20 kapena kupitirira, ndiye kuti nthaka imene tikulima lero inali tsinde la mapiri aatali amene anaperesedwa nkutha. Mwala umene kwa zaka zambiri unkakumbidwa ku Changalume kupangira simenti, ndi umene amawotcha laimu ku Balaka, ndi marble wa m'miyala yomweyi. Graphite wa ku Malingunde ndi carbon amene anapsa limodzi ndi miyala imene anali m'kati mwake.

Malire a gululi si akuthwa. Pamwamba pake pali migmatite, mwala umene gawo lina linasungunuka pamene lina linatsala lolimba, ndipo kuuika m'gulu limodzi nkungosankha.

## Chimene chimayendetsa mkomberowu

Hutton ankadziwa kuti miyala imakwera ndi kutsika, koma chimene chimaikweza sankachidziwa. Alfred Wegener ananena mu 1912 kuti makontinenti amayenda, ndipo ambiri anamukana. Umboni wochokera pansi pa nyanja m'zaka za m'ma 1960 ndiwo unatsimikizira kuti kunja kwa dziko ndi kogawika m'zibenthu zikuluzikulu zimene zimayenda masentimita ochepa pa chaka. Kumene zikutalikirana kumabadwa basalt. Kumene china chikumira pansi pa chinzake, miyala imabwerera mu mantle ndipo chiphalaphala chatsopano chimakwera. Kumene makontinenti agundana, monga India ndi Asia kuyambira zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo, miyala ina imakwiririka nkusandulika, ina imakwezedwa nkuyamba kukokoloka. Chigwa chimene muli nyanja ya Malawi ndi malo amene mtunda ukung'ambika ndi mamilimita ochepa pa chaka, ndipo zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009 ndi zizindikiro zake.

Mphamvu zoyendetsa mkomberowu ndi ziwiri. Ya m'kati ndi kutentha kotsalira kuchokera pamene dziko linkapangika, kuphatikiza kumene kumatuluka mu uranium, thorium ndi potassium. Ya kunja ndi dzuwa, limene limayendetsa mvula ndi mphepo. Mwezi ulibe mvula ndiponso ulibe zibenthu zoyenda, nchifukwa chake miyala yambiri imene inatengedwa kumeneko ili ndi zaka zoposa 3 biliyoni.

Chithunzi cha m'mabuku a kusukulu, chokhala ndi mivi itatu yozungulira, chimasocheretsa pang'ono. Chimapangitsa wophunzira kuganiza kuti mwala uliwonse umadutsa masitepe onse motsatana. Zoona zake nzakuti mwala wa gulu lililonse ukhoza kusanduka wa gulu lina lililonse, ngakhale la iwo womwe. Granite akhoza kukhala gneiss asanaone dzuwa. Gawo lalikulu la mchenga ndi matope a lero likuchokera ku miyala yosanjikizana yakale, osati ku granite. Liwiro nalo ndi losiyana. Pansi pa nyanja zikuluzikulu pamamira msanga, moti si kawirikawiri kupezapo mwala woposa zaka 200 miliyoni. Mtunda ndi wopepuka ndipo sumira wamba, kotero gneiss wa ku Acasta ku Canada wakhalapo zaka 4.03 biliyoni. Ngakhale ulendo wopita pansi ukhoza kubwereredwa: mu 1984 Christian Chopin anapeza mtundu wa maminero wotchedwa coesite m'miyala ya ku Dora Maira, m'mapiri a Alps, umboni wakuti miyalayo inatsika makilomita pafupifupi 100 nkubwereranso pamtunda.

## Zimene izi zikutanthauza kwa wokumba mjigo, womanga ndi wokhala m'tsinde mwa phiri

Gneiss ndi granite wosafumbutuka alibe mipata yosungira madzi. Mijigo yambiri ya kumtunda imatunga m'gawo lofumbutuka lapamwamba ndi m'ming'alu ya thanthwe pansi pake. Nchifukwa chake mjigo wina umatuluka madzi pamene wina, wokumbidwa chapafupi pomwepo, umakhala wouma: woyambawo unagunda mng'alu, winawo unauphonya. Mchenga wa m'mphepete mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire umapereka madzi ambiri, koma m'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje madziwo ndi amchere. Kumene miyala ili ndi fluoride wambiri, madzi a pamjigo amathimbiriritsa mano a ana.

Pa zomangamanga, kwale wabwino amachokera ku granite, syenite, basalt kapena gneiss wosafumbutuka. Schist amasweka motsatira mica wake ndipo sapirira kulemera. Pamapiri otsetsereka, dothi ndi miyala yofumbutuka zimakhala pamwamba pa thanthwe losalala limene madzi salowa. Mvula ikagwa masiku angapo osalekeza, madzi amadzaza malire a ziwirizi ndipo zapamwambazo zimatsetsereka zonse pamodzi. Zimene anthu amati Napolo wadutsa, monga ku Zomba mu 1946, ku Phalombe mu 1991, ndi pa phiri la Soche nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, zimachitika motere. Mabwinja a miyala ikuluikulu m'tsinde mwa phiri ndi chizindikiro chakuti malowo anagumukapo kale.

## Zimene akatswiri akukanganabe

Magulu atatu aja, njira zosungunukira ndi zaka za dziko, zomwe Clair Patterson anaziwerengera mu 1956 kuti ndi 4.55 biliyoni, ndi nkhani zokhazikika. Mkangano wa granite unatha pang'ono chabe. M'zaka za m'ma 1940 H. H. Read ndi ena ankati granite wambiri ndi miyala yakale imene inasandulika ili yolimba, pamene Bowen ankati ndi chiphalaphala. Zoyesa za Bowen ndi mnzake Tuttle za mu 1958 zinapereka chigamulo ku mbali ya chiphalaphala. Funso lotsala ndi la malo: chiphalaphala chokwanira kupanga phiri lonse chinapeza kuti mpata m'miyala yolimba? Kuyeza zaka kwa masiku ano kukuonetsa kuti matanthwe ena aakulu anadzadzidwa pang'onopang'ono pa zaka mamiliyoni angapo, koma akatswiri sagwirizana ngati zimenezi zili choncho paliponse.

Funso lalikulu kuposa pamenepo ndi la nthawi imene zibenthu za dziko zinayamba kuyenda. Ena amaloza njere za zircon za ku Jack Hills ku Australia, za zaka mpaka 4.4 biliyoni, nkunena kuti madzi ndi miyala yonga granite zinalipo kale nthawi imeneyo. Ambiri amaika chiyambicho pafupi ndi zaka 3 biliyoni zapitazo. Enanso amati kumira kwa zibenthu kwa mtundu wa lero sikunafike zaka 1 biliyoni, popeza miyala imene imapangika pomira pozizira, monga blueschist, siipezeka m'nthawi zakale kwambiri. Vuto nlakuti miyala imene ikanapereka umboni yambiri inasungunuka kapena kusandulika. Ngakhale mwala wakale kwambiri ukukanganiridwa: miyala ya ku Nuvvuagittuq ku Canada inalengezedwa mu 2008 kuti ili ndi zaka 4.28 biliyoni, koma ena amaipatsa zaka pafupifupi 3.8 biliyoni.

Palinso dolomite, mwala wonga laimu wokhala ndi magnesium, umene alimi amathira m'munda wa dothi la asidi. M'miyala yakale ndi wochuluka moti alipo mapiri athunthu a iye ku Italy, koma m'nyanja za lero sapangika kwenikweni. Lynton Land anayesa kumupanga mulabotale pa kutentha wamba, nkudikira zaka 32, ndipo mu 1998 analemba kuti palibe chinatuluka. Ena amati tizilombo tosaoneka ndi maso ndito timathandiza, ena amati laimu amasanduka dolomite atakwiririka kale, madzi a magnesium akamadutsamo. Mu 2023 ofufuza a ku yunivesite za Michigan ndi Hokkaido anaonetsa kuti njere ya dolomite imakula ikamasungunulidwa pang'ono mobwerezabwereza, chifukwa kusungunulako kumachotsa tizigawo tokhala pamalo olakwika. Zimenezi zikugwirizana ndi malo ochepa amene dolomite akupangika lero, omwe amanyowa nkumauma mosinthanasinthana, koma ngati zikukwanira kufotokoza magawo okandapala mamita mazanamazana a m'nthawi zakale ndi nkhani imene ikufufuzidwabe.